Kukonzeratu ndiwo zomanga thupi za sabata yonse: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso omwe amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu omwe amadzuka m'mamawa kukagwira minibasi, kuweruka kwada, kufika pakhomo mwina magetsi kulibe, ndiye chomwe chimachitika ndi chipisi cha pachiwaya kapena tiyi ndi buledi basi kukagona. Sabata imatha thupi lisanalandire chakudya chenicheni. Mayankhowa ndi a khitchini yathu yomweyi ya mbaula, hotipuleti ndi fuliji yomwe imadalira kuti magetsi alipo kapena ayi.

Zakudya zomanga thupi ndi ziti, si nyama yokha?

Si nyama yokha ayi. Pa magulu 6 a zakudya aja timaphunzitsidwa kusikelo ndi kusukulu, magulu awiri ndi omwe ali ndi mapulotini ambiri, gulu la zanyama ndi gulu la zanyemba. Ku zanyama kuli nkhuku, ng'ombe, mbuzi, nkhumba, mazira, mkaka, chambiko, usipa, matemba, utaka, mlamba, ngakhale ngumbi ndi mbewa zimene. Ku zanyemba kuli nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya, mtedza ndi mphodza. Nsima ili nawo pang'ono mapulotini, makamaka ya mgaiwa, koma ntchito yake yaikulu ndi kupereka mphamvu, ndiye mbale yodzadza nsima ndi kamsuzi ka tomato mukhuta ndithu koma thupi silinapeze zomangira.

Munthu amafunika zochuluka bwanji patsiku?

Munthu wamkulu wathanzi amafunika pafupifupi magalamu 0.8 a mapulotini pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake. Wolemera makilogalamu 60 ndiye magalamu 48 patsiku, wa 70 ndi 56. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, wodwala amene akuchira komanso wogwira ntchito yolemetsa amafunika kuposa apa.

Kuti muziona ndi maso: dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu imodzi ya nyemba zophika pafupifupi 15, mtedza wodzadza dzanja pafupifupi 7, kapu ya mkaka kapena chambiko 8, nyama ya nkhuku yophika ya magalamu 100 ili ndi pakati pa 25 ndi 30. Usipa wouma ndi soya pisi zouma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapulotini okhaokha. Ndiye mazira awiri m'mawa, kapu ya nyemba masana, usipa madzulo ndi kamtedza kotafuna pakati, mwafika kale pa 50 osagula nyama ngakhale ya kota. Sikelo musavutike nayo, chachikulu ndi choti chakudya chilichonse cha patsiku chikhale ndi chinthu chimodzi chomanga thupi, osati kudikira Lamulungu kuti mudye nkhuku yonse kamodzi.

Ndiye kukonzeratuko ndi kuphika chakudya cha masiku 7 tsiku limodzi?

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa ndipo amasiya sabata yachiwiri. Amaona zithunzi pa Facebook ndi TikTok, makontena ambirimbiri ofanana atandandalikidwa patebulo, mpunga, nkhuku, masamba, nkumati nanenso nditero. Koma oika zithunziwo magetsi sawazimira, ndipo nafenso tikudziwa kuti ndiwo zothira tomato ndi anyezi zikagona masiku angapo zimasintha kukoma, pofika Lachinayi palibe akuzifuna.

Chomwe chimagwira ntchito kuno ndi ichi: muchitiretu ntchito yomwe imadya nthawi, yotsalayo muzimalizitsa tsiku lomwelo. Zomwe zimadya nthawi ndi kusankha ndi kuwiritsa nyemba, kudula ndi kugawa nkhuku, kuchotsa mitu ndi mchenga wa usipa, kukazinga ndi kusinja mtedza, kuwiritsa mazira. Kukazinga anyezi ndi tomato nkuthiramo nyemba zopsa kale ndi mphindi 10 zokha, pamene madzi a nsima akutentha ndiwo zatha kale, ndipo zimamveka zatsopano chifukwa zaphikidwadi lero. Nsima ndi masamba aawisi monga lepu, chinesi ndi mpiru musaphikiretu, sizichedwa ndipo zogona sizikoma.

Ndiyambe ndi chani patsiku lokonzekeralo?

Tinene kuti kumsika mwapita Loweruka. Madzulo ake sankhani nyemba pa lichero, kuchotsa timiyala ndi zofumbwa, muziviike mu beseni madzi akwirire bwino chifukwa zimafufuma. Lamulungu mukabwera kutchalitchi, kapena m'mawa kwa omwe amapemphera tsiku lina, yatsani mbaula kamodzi ndipo moto umenewo ugwire ntchito mpaka uthe.

Nyemba ziyambe ndi zomwe chifukwa ndi zochedwa komanso zimafuna moto waukali poyamba. Zikubwata choncho inu muli pampando kudula mitu ya usipa. Mukaphula nyemba ikani nkhuku kapena nyama, kenako mazira, ndipo makala akayamba kufooka, moto uja wangotsala wofiira wopanda lawi, ndi nthawi yabwino yokazinga mtedza chifukwa supserera kunja mkati muli mwawisi. Muziutakasa osasiya mpaka kakhungu kayambe kusupuka mukafikisa ndi zala. Pomaliza penipeni kazingani usipa wouma popanda madzi. Zonsezi ndi maola atatu kapena anayi ndipo ambiri mwa maolawo mukungoyang'anira, mutha kuchapa kapena kusita pambali.

Chinthu chimodzi choti musaiwale, zonse zophika zigawidwe m'makontena ang'onoang'ono osaya kuti zizizire msanga, osasiya mumpoto waukulu mpaka usiku. Chifukwa chake chili pa funso la fuliji m'munsimu.

Kuviika nyemba kumathandizadi? Nanga soda?

Kumathandiza kwambiri. Nyemba zoviika maola 8 mpaka 12 zimapsa msanga ndipo makala mumapulumutsa ooneka ndi maso. Madzi oviikirawo tayani, tsukuluzani, phikani ndi madzi atsopano. Nyengo yotentha ngati Okutobala musapitirize maola 12 zili panja chifukwa zimayamba kuchita thovu ndi kafungo kosasa. Nyemba zatsopano za chaka chomwechi, kaya kholophethe kaya nanyati, sizivuta, zomwe zimalimba mutu ndi zija zakhalitsa mu thumba, zimenezo ngakhale muviike zimatengabe nthawi.

Soda amafewetsadi msanga, nchifukwa chake anthu amamukonda, koma amaononga ena mwa mavitamini a gulu la B ndipo mukachulutsa nyemba zimamveka ngati sopo. Ngati mwaviika simumufunanso. Komanso tomato musathire nyemba zisanafewe, asidi wake amalimbitsa khungu.

China chofunika kwambiri: nyemba, makamaka zofiira zija, zibwate mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 koyambirira. Zili ndi poizoni wachilengedwe yemwe amafa ndi kubwata kwenikweni, ndipo nyemba zongofunditsidwa pa kamoto kochepa osabwata zimatha kusanzitsa ndi kutsegula m'mimba.

Nyemba zimandithera makala, pali njira ina?

Ilipo ndipo ndi yakale, kuphikira mu dengu. Tengani dengu kapena katoni, yalani mkati bulangete lakale kapena nsanza zochapa bwino zambiri, pansi ndi m'mbali. Nyemba zoviika zibwate pamoto mphindi 20 mpaka 30, kenako poto yemweyo ali chibwatire, wovindikira bwino, mulowetseni mu dengu muja nkukwirira pamwamba ndi pilo kapena bulangete lina kuti mpweya wotentha usatuluke. Osatsegula kuti muone. Pakatha maola atatu kapena anayi mupeza zafewa, ndipo mbaula ija nthawi yonseyi imaphika zina. Mukatulutsa zibwatitseninso pang'ono musanagawe. Musazisiye mu dengu usiku wonse, zikazizira pang'onopang'ono mpaka kufika pofunda ndi pamene tizilombo timaswana.

Amene ali ndi poto wa pulesha, nyemba zoviika zimapsa pasanathe theka la ola. Ndi wodula pogula koma kwa ophikira gasi amabweza ndalama yake.

Zophikazi zikhala masiku angati mu fuliji?

Nyemba, nkhuku, nyama ndi nsomba zophika, masiku 3 mpaka 4 ngati fuliji ikuzizira bwino, kutanthauza madigiri 5 kapena kutsika. Ndiye zophika Lamulungu ndi za Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu. Za Lachinayi ndi Lachisanu zipite mu filiza tsiku lomwelo mwaphika, osati kudikira ziyambe kukayikitsa ndiye muzikaumitsa, filiza siikonza chinthu chomwe chayamba kale kuonongeka.

Chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri chisanalowe mu fuliji, ndipo kumalo otentha ngati Nsanje, Chikwawa, Salima kapena Karonga nthawi yachilimwe tengani ola limodzi. Nchifukwa chake tikuti makontena osaya. Poto wamkulu wa nyemba amasunga kutentha pakati kwa maola ambiri ngakhale muli mu fuliji, kunja kwazizira mkati mukufunda, mawa mupeza zasasa nkumadabwa. Potenthetsa, tengani zokhazo zomwe mudye, zitenthe mpaka kubwata kapena kutuluka nthunzi paliponse, ndipo zomwe mwatenthetsa kamodzi zisabwererenso mu fuliji kachiwiri.

Kununkhiza kokha sikokwanira. Ndiwo zosasa mumazidziwa, koma tizilombo tina toyambitsa kutsegula m'mimba sitisintha fungo kapena maonekedwe, ndiye muziwerenga masiku. Kachipepala ka selotepi pa chivindikiro kolemba tsiku kamathandiza, makamaka ngati kukhitchini kumalowa anthu angapo.

Ndilibe fuliji, ndiye kuti izi sizanga?

Ndi zanunso, mwinanso kuposa ena, chifukwa makolo athu ankakonzeratu ndiwo popanda fuliji ndipo njira zawo zikugwirabe ntchito. Kusiyana kwake nkwakuti inu muzidalira zouma. Usipa, matemba ndi utaka zouma bwino, soya pisi, mtedza wokazinga, nsinjiro, chiponde, ufa wa soya, ngumbi zokazinga ndi kuyanika, nyama yowamba, mazira aawisi, zonsezi zimakhala popanda kuzizira. Onjezani mfutso wa nkhwani kapena chitambe, mukatendera ndi nsinjiro muli ndi ndiwo zomanga thupi mu mphindi zochepa.

Kukonzeratu kwanu ndi kusankha, kutsuka, kukazinga, kusinja ndi kugawa m'mabotolo otsekeka. Nyemba zokha ndi zomwe simungaphike za sabata, phikani za tsiku limodzi ndi m'mawa mwake basi. Njira ija yobwatitsa ndiwo usiku nkuzisiya zovindikira osazigwiranso ndi chipande, kenako kubwatitsanso m'mawa, imathandiza usiku umodzi nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, koma si yodalira masiku awiri atatu, ndipo nyengo yotentha imakana. Ngati mukufuna zanyemba pakati pa sabata sankhani zofulumira kupsa, mphodza, khobwe woviika, nandolo wamuwisi nthawi yake, kapena kuviika nyemba m'mawa popita kuntchito kuti madzulo zisachedwe.

Magetsi azima tsiku lonse, za mu fuliji nditaye?

Zimatengera maola ndi kangati mwatsegula chitseko. Fuliji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4. Filiza yodzadza imatha kufika maola 48, ya theka pafupifupi 24, bola osamatsegula. Ndiye lamulo loyamba pakhomo magetsi akazima ndi loti ana asamatsegule kufuna madzi ozizira.

Thandizo losavuta: dzazani mabotolo apulasitiki ndi madzi, musiye kampata pamwamba, aziuma mu filiza nthawi zonse. Amadzaza malo opanda kanthu kuti filiza izisunga kuzizira nthawi yaitali, ndipo magetsi akazima mumasamutsa awiri atatu kuwaika mu fuliji pafupi ndi ndiwo zophika. Nyama yomwe yasungunuka koma ikadali ndi timiyala ta ayisi mkati mutha kuumitsanso. Yomwe yasungunukiratu koma ikuzizirabe iphikeni tsiku lomwelo. Yomwe yafunda, yatuluka madzi ndi fungo, itayeni ngakhale ikupweteka mumtima, ndalama ya kuchipatala ndi masiku ojomba kuntchito zimaposa mtengo wa nkhukuyo. Ngati kwanuko kuzimazima ndi kwa tsiku ndi tsiku, chepetsani za mu filiza nkutsamira pa zouma zomwe zatchulidwa pa funso lapitalo.

Mazira owiritsa amakhala nthawi yaitali bwanji?

Osasenda, mu fuliji, mpaka sabata imodzi. Osenda adyedwe tsiku lomwelo kapena mawa lake. Kunja kwa fuliji dzira lowiritsa silichedwa kuonongeka kusiyana ndi laliwisi chifukwa kuwiritsa kumachotsa kachitetezo ka pa chikhokhombe, ndiye opanda fuliji sungani aawisi pamalo ozizira ndipo muziwiritsa m'mawa uliwonse mumadzi omwewo a tiyi asanathiridwe masamba, kapena mu kapoto pambali, ndi mphindi 10 zokha. Aawisi musawatsuke posunga. Ngati mukukayika dzira liikeni m'madzi, lomira ndi labwino, loyandama lakhalitsa.

Usipa ndi matemba ndikonze bwanji kuti ndisamavutike nazo madzulo?

Ichi ndi chakudya chomwe timachipeputsa pomwe ndi chimodzi mwa zabwino zomwe tili nazo, chifukwa mumadya ndi minga yomwe, ndiye kuwonjezera pa mapulotini mukupezanso kashiamu wolimbitsa mafupa. Pogula, kaya ndi usipa wa ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota kapena matemba a ku nyanja ya Chilwa, gwirani ndi dzanja. Wouma bwino amathyoka, sanyowa m'manja, alibe fungo la chinyezi ndipo pansi pa mulu palibe ufa wambiri kapena tizilombo. Wofutsa amakoma ndipo sawawa kwambiri, koma amafuna kuonetsetsa kuti waumadi.

Kunyumba dulani mitu ndi kufinya kamimba ngati ali wamkulu, pamenepo ndi pomwe pamakhala kuwawa. Mutsukeni m'madzi ofunda kawiri mwachangu, muzimuvuula ndi manja kuchoka m'madzimo osati kukhuthula, kuti mchenga utsale pansi pa beseni. Muyanikeni pa lichero aume kaye, kenako kazingani mu chiwaya ndi mafuta pang'ono mpaka akhale wokhutchuka. Akazizira ikani mu botolo louma lotsekeka. Wotere amatha masiku angapo pamalo ouma, madzulo mungopanga msuzi wa tomato ndi anyezi nkumuponyamo mphindi 5, kapena kumutendera ndi nsinjiro. Mukaika mu botolo adakali wofunda amachita thukuta nkumera nkhungu, ndiye dikirani azizire kaye.

Soya pisi ndi chakudya chenicheni? Ena amati zimafooketsa abambo.

Ndi chakudya chenicheni. Zimapangidwa kuchokera ku soya amene wachotsedwa mafuta, nchifukwa chake mapulotini ake ndi ambiri chonchija. Nkhani yoti zimachepetsa mphamvu za abambo imayenda kwambiri pa WhatsApp, koma kafukufuku wochitidwa pa anthu sanapeze kuti kudya soya mwa masiku onse kumatsitsa mahomoni a amuna. Idyani mtima uli m'malo.

Chomwe muyenera kusamala ndi kapaketi ka zokometsera kamkati, kamakhala ndi mchere wambiri, a BP thirani theka kapena kasiyeni nkugwiritsa ntchito adyo, jinja ndi kale wanu. Soya pisi sizifuna kuphikiratu, zisungeni zouma, ndi ndiwo za tsiku lomwe zonse zasokonekera. Kuti zisamveke ngati siponji, viikani m'madzi otentha mphindi zochepa, finyani madzi onse, kazingani mu mafuta mpaka zichite bulauni, ndiye muthire anyezi ndi tomato.

Nsinjiro ndi chiponde ndingapange zochuluka kamodzi?

Mutha kupanga za sabata imodzi kapena awiri. Nsinjiro zili ndi mafuta ndiye zikakhalitsa pamalo otentha zimayamba kafungo, sungani mu botolo lotsekeka pamthunzi. Supuni ziwiri mu phala, mu masamba, mu futali wa mbatata kapena mu nthochi zophika zimasintha chakudya chopanda kanthu kukhala chomanga thupi.

Koma pa mtedza pali nkhani ya chuku yomwe sitiyenera kuibisa. Mtedza womwe sunaume bwino kapena wanyowetsedwa posenda umamera nkhungu yomwe imatulutsa poizoni wa aflatokisini, ndipo poizoniyu amaononga chiwindi komanso amakhudzana ndi kupinimbira kwa ana. Kukazinga sikumuthetsa. Ndiye sankhani mtedza umodziumodzi musanasinje, wofota, wakuda, wosweka, wankhungu ndi wowawa tayani, osapatsanso nkhuku. Vuto la nsinjiro zogula zosinjasinja ndi loti simudziwa kuti anasinja mtedza wotani, kawirikawiri wabwino amagulitsa wathunthu, ndiye ngati mungathe gulani wathunthu musinje nokha.

Nkhuku ndi nyama ndigawe bwanji kuti zifike Lachisanu?

Musaike nkhuku yathunthu mu filiza, mudzakakamizika kuisungunula yonse. Dulani tsiku lomwe mwagula, gawani m'timajumbo molingana ndi chakudya chimodzi cha pakhomo panu, phwatalitsani kajumbo kalikonse kuti kaume msanga ndi kusungunuka msanga. Ngati mukufuna thiriranitu mchere pang'ono, adyo ndi mandimu. Njira ina ndi kuwiritsa yonse ndi mchere ndi anyezi, kugawa ndi kamsuzi kake, madzulo kungokazinga. Kwa nkhuku yachikuda yomwe imalimba, iyi ndiye njira yabwino. Msuzi wowiritsira musataye, umakometsa nyemba ndi soya pisi.

Posungunula, tsitsani kajumbo ka mawa usiku kuchoka mu filiza kupita mu fuliji, mu mbale, pa shelefu yapansi kuti madzi ake asadonthere pa zophika. Ngati mwaiwala, kaikeni kali kotseka m'madzi ozizira. Kusiya nyama pa sinki kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi koopsa. Ndipo mpeni ndi thabwa zomwe mwadulira nkhuku yaiwisi zitsukidwe ndi sopo musanadulire tomato kapena kabichi wa saladi.

Bajeti ikavuta musanyoze chiwindi, nthutumba, mapazi ndi makosi. Chiwindi chili ndi ayironi wambiri koma sichisungika, chiphikeni tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo amayi oyembekezera asachidye pafupipafupi chifukwa vitamini A wake ndi wochuluka kwambiri.

Kuntchito kulibe motenthetsera, ndinyamule chani?

Ngati muli ndi fulasiki ya chakudya, ithireni madzi owira kaye mphindi zochepa, khuthulani, ndiye muike chakudya chobwata kumene, chimafika masana chikutentha. Ngati mulibe, nyamulani zomwe zimadyeka zozizira ndipo sizichedwa kufika nthawi ya lanchi: mbatata kapena chinangwa chophika ndi mazira awiri osasenda, buledi wa chiponde, mtedza ndi nthochi, usipa wokazinga wouma uja, chigumu chomwe mwasakanizamo ufa wa soya. Kabotolo ka madzi oumitsa mu chikwama kamasunga kontena yozizira ndipo masana muli ndi madzi akumwa.

Samalani ndi mpunga. Anthu amaopa nyama nkuiwala kuti mpunga wophika wosiyidwa pofunda umadwalitsa, uli ndi tizilombo tomwe timapirira kuphika nkutulutsa poizoni yemwe kutenthetsa sikumuchotsa. Uziziritseni msanga, mu fuliji, ndipo udyedwe mawa lake.

Kunyumba akukana, akuti sadya ndiwo zogona. Nditani?

Nthawi zambiri chomwe akukana ndi poto yemweyo wa nyemba kubwera patebulo masiku atatu motsatizana, ndipo pamenepo sakulakwa. Nchifukwa chake nyemba ziwiritsidwe ndi mchere wokha. Lolemba zikazingeni ndi tomato, Lachitatu zipondeni zikhale ngati chipere, Lachisanu za mu filiza zija sakanizani ndi mpunga kapena chimanga chokonola. Pakati pake pakhale usipa, mazira, nkhuku. Munthu akamva fungo la anyezi akukazingidwa madzulo omwewo sadandaula kuti nyembazo zinawiritsidwa liti.

Komanso ntchitoyi isakhale ya mayi yekha. Kusankha nyemba, kudula mitu ya usipa ndi kusenda mtedza ndi ntchito zomwe bambo ndi ana okulirapo angagwire atakhala pakhonde, ndipo amene wagwira nawo sakana kudya.

Nanga ana, m'mawa ndiwakonzere chani chofulumira?

Ufa wa phala wosakaniza kale. Muyezo wodziwika wa Likuni Phala ndi magawo 4 a chimanga ndi gawo limodzi la soya, ndipo mutha kupanga nokha nkukagayitsa kuchigayo. Soya akazingidwe kapena kuwiritsidwa ndi kuyanikidwa kaye asanagayidwe, wamuwisi amavuta kugayika m'mimba ndipo amanunkha. Pophika onjezani supuni ya nsinjiro, kapena mkaka, kapena kuswera dzira phala likubwata nkutakasa mpaka lipse. Ena amasinja usipa wokazinga kukhala ufa nkumathira pang'ono mu phala la mwana kapena mu ndiwo zamasamba, ndi nzeru yabwino kwambiri kwa mwana wovuta kudya. Ana aang'ono osafika zaka 5 musawapatse mtedza wathunthu, amatha kutsamwa, apatseni wosinja. Ndipo chakudya cha mwana wakhanda yemwe wangoyamba kudya pa miyezi 6 chiphikidwe chatsopano, za masiku atatu zija ndi za akuluakulu.

Nyemba zimandidzaza mpweya m'mimba, ndisiye?

Musasiye. Viikani ndi kutaya madzi monga tafotokozera pa funso la kuviika, phikani zifewe mpaka kuphwanyika ndi chala, ndipo yambani ndi theka la kapu nkumaonjezera. Mimba imazolowera pakapita masabata angapo mukamadya pafupipafupi. Chipere chochotsa makoko ndi mphodza sizivuta kwambiri ngati nyemba zathunthu.

Ndimapita ku jimu, ndikufunika ufa wa mapulotini wa m'zitini uja?

Onyamula zitsulo amafunikadi ochulukirapo, ambiri amalangizidwa pakati pa magalamu 1.2 ndi 2 pa kilogalamu, koma mutha kufika pamenepo ndi chakudya. Wa makilogalamu 70 amene akufuna magalamu 100 angowonjezera pa chitsanzo cha pa funso lachiwiri chija kapu ziwiri za chambiko ndi chidutswa chabwino cha nkhuku kapena mbale ya soya pisi. Ufa wa m'zitini ndi wongofewetsa ntchito, ndipo pa mtengo wake mugula mathireyi angapo a mazira. Mazira aawisi musamwe, ophika ndi omwe thupi limagaya bwino komanso mumapewa matenda a m'mimba.

Pali omwe sayenera kuchulutsa zakudyazi?

Alipo. Amene ali ndi vuto la impso asawonjezere mapulotini paokha, muyezo wawo auone ndi dokotala. A BP asamale mchere wa mu nsomba zouma, nyama yowamba, soseji ndi timakyubu tokometsera, kuviika nsomba m'madzi ofunda kumachotsako wina. A gauti, matenda otupitsa ndi kupweteka mfundo za zala zakumapazi aja, achepetse zamkati monga chiwindi ndi nsomba zing'onozing'ono. A shuga nyemba, nandolo ndi khobwe zimawayanja chifukwa sizikweza shuga mwachangu, chomwe achepetse ndi mitanda ya nsima ndi mpunga. Ndipo ngati wina pakhomo amatupa milomo, kuyabwa kapena kubanika akadya mtedza, mazira kapena nsomba, zake zisungidwe padera ndi chipande chake, ndipo akabanika thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Makontena abwino ndi ati, ndigule apadera?

Osati mpaka apadera. Zitini za majarini ndi za ayisikilimu zotsuka bwino zimagwira ntchito mu fuliji ndi mu filiza, mabotolo agalasi a chiponde ndi a khofi ndi abwino pa nsinjiro, usipa wokazinga ndi ufa wa soya. Chachikulu akhale otsekeka, ouma ndi osaya. Musathire chakudya chobwata mu pulasitiki yopyapyala kapena kutenthetsera momwemo, khuthulirani mu poto. Mu filiza siyani kampata pamwamba chifukwa msuzi ukauma umafufuma nkutsegula chivindikiro, botolo lagalasi lodzadza limasweka kumene. Zigubu ndi mabotolo omwe munali mankhwala a mbewu, feteleza kapena mafuta a galimoto musaikemo chakudya ngakhale mutatsuka kangati.